Nyumba imodzi, mayankho atatu: ndilembe liti mu lipoti?

KamwanaKaMasamu
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi model ya nyumba ya konkire ya nsanjika 8, ya mizati ndi mabimu basi, ndipo ndikufuna kudziwa kuti denga lake lingasunthe bwanji pa chivomerezi. Response spectrum, njira yowerengera kusuntha kwakukulu kwa nyumba kuchokera pa tchati cha kugwedezeka, yandipatsa nambala yake. Time history ya linear, yotsatira kugwedezeka kamphindi ndi kamphindi ngati kuti palibe chong'aluka kapena kugonja, pogwiritsa ntchito rekodi ya chivomerezi cha El Centro cha 1940, yandipatsa nambala yotsikirapo. Ndiye ndalowa mu pulogalamu ya OpenSees kuchita ya nonlinear, kuti konkire izing'aluka ndi zitsulo zizigonja monga zimachitira zenizeni. Kumeneko ndikaika dt (kutalika kwa phazi lililonse la nthawi) ya masekondi 0.02 pulogalamu ikuima pakatikati pa kugwedezeka kwamphamvu, ikukana kuchita converge, ndiye kuti kupeza yankho pomwe mphamvu zifanane. Ndikachepetsa dt ikudutsa, koma yankho lake silikufanana ndi awiri oyamba aja. Nyumba ndi yomweyo, kulemera kwake sindinasinthe. Lolondola ndi liti pamenepa?

wa_zitsulo
Integrator, njira yoyendetsera masamu phazi ndi phazi, mwaika iti? Damping, yomwe imamwa mphamvu ya kugwedezeka, mwaiika bwanji? Popanda zimenezi tingokhala tikuwombeza maula.

KamwanaKaMasamu
Newmark, gamma 0.5, beta 0.25. Damping ndi ya Rayleigh, 5 peresenti pa mode (kagwedezekedwe kachibadwa ka nyumba) yoyamba ndi yachiwiri, pa initial stiffness, kuuma kwa nyumba isanang'aluke. Dt ya 0.02 ndinangoitenga chifukwa rekodiyo inabwera choncho. Ndinawerenganso kuti Newmark ya mtundu umenewu siphulika ngakhale dt ikule bwanji.

Gogo_Simenti
Mwana wanga, munawerenga zoona koma munasiyira panjira. Njira imene Nathan Newmark anafalitsa mu 1959 imadula nthawi m'tizidutswa, ndipo pa kachidutswa kalikonse imangoganizira mmene acceleration ikusinthira pakati pa poyambira ndi pothera. Mukaika gamma 0.5 ndi beta 0.25 mwaiuza kuti itenge avereji ya ziwirizo. Zikatero manambala sathawira kumwamba, inde. Koma kusaphulika ndi kulondola ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Chimene njirayi imachita mwakachetechete ndi kutalikitsa period, nthawi imene kugwedezeka kumodzi kumatenga kupita n'kubwerera. Dt ikakhala gawo limodzi mwa magawo 10 a period ya mode, period imene kompyuta ikuona imatalika ndi 3 peresenti kapena kuposerapo pang'ono. Ikakhala limodzi mwa magawo 5, imatalika ndi 12 peresenti. Tsono taonani nyumba yanu. Ya nsanjika 8 period yoyamba siingapite kutali ndi sekondi imodzi, ndipo pamenepo 0.02 ilibe vuto. Koma ma mode apamwamba, amene period yawo imatsikira cha ku 0.1, mukuwayenda ndi mapazi asanu okha pa kugwedezeka kumodzi. Amenewo ndi amene amabweretsa shear, mphamvu yodula cham'mbali, ku nsanjika zapamwamba.

Chinanso, umboni wa masamu woti siphulika ndi wa nyumba ya linear. Chitsulo chikagonja stiffness imasintha mkati mwa kachidutswa komweko, masamu obwerezabwereza a Newton-Raphson amayamba kufunafuna pomwe mphamvu zifanane, ndipo phazi likatalika amasochera. Dt ya rekodi imangokuuzani kuti nthaka inayezedwa motalikirana bwanji. Sikulamulani kuti nanunso muyende choncho. Idulenidulenibe pakati mpaka yankho lisiye kusuntha.

Phulusa_77
Bwanji osangogwiritsa central difference? Njira ya explicit ngati imeneyi ilibe za converge zimenezi. Imangoyenda basi.

wa_zitsulo
Imayenda ngati dt ili pansi pa period yaing'ono kwambiri ya model yonse mutaigawa ndi pi. Yaing'ono kwambiri, osati ya mode imene inuyo mukuifuna. Muike ka element kamodzi kafupi kouma gwa pa mfundo ya mzati ndi bimu, muona dt ikugwera pansi mpaka kompyuta kugona ikuwerengera. Komanso pa frame ambiri sapereka mass ku ma rotation, ndiye explicit imadandaula pomwepo. Ndi yabwino pa za kugundana ndi kuphulika, pamene zonse zimatha m'kamphindi. Pa chivomerezi cha masekondi 30 pa frame wamba, ine ayi.

Phulusa_77
Koma ikakana kuyenda imaonetsa poyera, manambala amapenga. Implicit yanuyo, ya Newmark, imakupatsani bodza looneka bwino.

Gogo_Simenti
Apa ndiye mwalasa, achimwene.

NaMlatho
Ine ndibwerere ku funso loyamba lija, chifukwa za dt zikukhudza yankho lachitatu lokha. Mayankho awiri oyamba sanayenere kufanana n'komwe.

Spectrum ya mu code (malamulo a kamangidwe) si chivomerezi chimodzi. Ndi mzere wosalazidwa kuchokera ku zivomerezi zambiri zimene zingachitike pamalo. El Centro ndi chivomerezi chimodzi, cha ku Imperial Valley, ndipo mukajambula spectrum yake muona ili mano okhaokha, pena nsonga pena chigwa. Period ya nyumba yanu ikagwera m'chigwa, yankho litsika. Muisunthe pang'ono pokha, mwachitsanzo pochepetsa stiffness chifukwa cha ming'alu, igwera pa nsonga. Anthu amakonda rekodi imeneyi chifukwa ndi imodzi mwa zoyambirira zamphamvu zimene zinajambulidwa bwino, acceleration yake inafika cha m'ma gawo limodzi mwa magawo atatu a g (mphamvu yokokera zinthu pansi), ndipo ili m'mabuku ophunzitsira pafupifupi onse. Koma si chifukwa chomangira nyumba pa iyo yokha.

N'chifukwa chake ma code salola rekodi imodzi. Ya ku Ulaya, Eurocode 8 ya 2004, imafuna zosachepera 3, ndipo mukagwiritsa zosakwana 7 mumatenga yankho loipitsitsa. Zikafika 7 mumaloledwa kutenga avereji. Ya ku America, ASCE 7-16, pa nonlinear inakweza kufika 11. Ndipo marekodiwo ayenera kukwezedwa kapena kutsitsidwa kuti agwirizane ndi spectrum ya malo anu pa ma period okhudza nyumbayo.

Kachiwiri, response spectrum imakupatsani chachikulu cha mode iliyonse, osanena kuti chinachitika sekondi iti kapena chinaloza mbali iti. Zazikuluzo sizichitika nthawi imodzi, ndiye timaziphatikiza mongoyerekeza. Njira yophatikizira ya SRSS imagwira ngati ma period atalikirana. Akayandikana, monga zimachitikira nyumba ikamapotoka, pamafunika CQC, ya Wilson, Der Kiureghian ndi Bayo ya 1981. Mwaona kuti ma mode amene mwatenga akufikitsa 90 peresenti ya mass?

KamwanaKaMasamu
Afikitsa, mayi. CQC ndiyo ndinagwiritsa. Koma rekodi sindinaisinthe chilichonse, ndinangoilowetsa mmene inalili.

wa_zitsulo
Munachulukitsa ndi 9.81? Marekodi ambiri amabwera mu g. Ndinaonapo lipoti lathunthu la nyumba imene inagwedezedwa ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a chivomerezi, onse akuyamikira kuti nyumba ndi yolimba.

KamwanaKaMasamu
Zimenezo ndinachita bwana, musandinyoze choncho.

MlendoPano
Pepani ndine wachilendo pa nkhani zimenezi. Ngati makompyuta afika powerengera zonsezi, sangathe kunena tsiku limene chivomerezi chidzabwere? Agogo anga ankati agalu amadziwiratu.

Phulusa_77
Tiike galu mu OpenSees ndiye.

NaMlatho
Musawaseke, funso ndi labwino. Palibe njira yodalirika yonenera tsiku, malo ndi kukula kwa chivomerezi chisanachitike. Chimene tili nacho ndi mwayi woti chichitike. Ma code ambiri amamangira pa kugwedezeka kumene kuli ndi mwayi wa 10 peresenti wopitiriridwa m'zaka 50, ndiye kuti pa avereji kamodzi m'zaka 475. Sizitanthauza kuti chikachitika chaka chino mupuma zaka 474. Za nyama zija, chodziwika n'chakuti mafunde oyamba otchedwa P amathamanga kuposa mafunde a S amene amagwedeza kwambiri, ndiye chilichonse chomva msanga chimatsogola ndi masekondi ochepa. Makina ochenjeza anthu ku Japan ndi ku Mexico amadalira mpata womwewo.

Gogo_Simenti
Tabwererani ku nyumba ya mwanayu, agalu apume.

Nankhoma_wa_FE
Ine diso langa lili pa damping, ndipo ndikuganiza kuti ndi imene ikusokoneza kwambiri kuposa dt.

Rayleigh imati damping ndi gawo lina la mass kuphatikiza gawo lina la stiffness. Muli ndi manambala awiri okha osankha, ndiye 5 peresenti mungaipeze ndendende pa ma period awiri okha. Pakati pa awiriwo imatsikirapo pang'ono, kunja kwake imakwera. Inu mwamangirira pa mode yoyamba ndi yachiwiri. Ngati model ndi ya 3D, awiriwo mwina ndi oyandikana kwambiri, ina ya m'litali ina ya m'lifupi, ndiye ma mode onse apamwamba mwawatsamwitsa ndi damping yoposa imene mukuganiza. Ndipo nyumba ikang'aluka period yoyamba imatalika, n'kutuluka kunja mbali inayo, kumene gawo la mass limakweza damping. Ndiye kumangirira kwabwino ndi kutenga period yotalikirapo kuposa yoyamba, ndi ina yaifupi ya mode yomaliza imene ili ndi mass yooneka.

Chachikulu ndi initial stiffness. Chitsulo chikagonja, mphamvu imene element ingathe kunyamula imaima pamalire ake. Koma mphamvu ya damping yowerengedwa pa stiffness yoyambirira siidziwa kuti chitsulo chagonja, imangokulabe ndi liwiro. Zotsatira zake n'zakuti pa hinge, pamene chitsulo chagonjera, pamabwera mphamvu yabodza yothandiza nyumba kuima, drift (kupendekera kwa nsanjika) n'kuoneka yaing'ono. Mukatulutsa mphamvu za damping payokha n'kuziyerekeza ndi base shear, shear yonse ya pansi pa nyumba, mudzadabwa.

Komanso 5 peresenti ija inazolowereka pa ma analysis a linear, pamene imaimira zonse zomwe zimamwa mphamvu ya kugwedezeka, kuphatikizapo ming'alu. Mu nonlinear ming'alu ndi kugonja kwa zitsulo zili kale mu material model. Mukaisiya pa 5 mwawerengera zina kawiri. Ambiri amatsitsa kufika 2 kapena 3.

wa_zitsulo
Zoona zambiri, koma musawatumize ku tangent stiffness, kuuma kwa nthawi yomweyo, osawachenjeza. Konkire ikayamba kuphwanyika tangent imatha kukhala negative, damping nayo n'kukhala negative, ndiye kuti m'malo momwa mphamvu ikuthira. Komanso imasinthasintha mkati mwa iteration, converge n'kuvutiravutira.

Nankhoma_wa_FE
N'chifukwa chake mu OpenSees muli ya committed stiffness, imene imatenga ya phazi lomaliza lomwe ladutsa. Kulinso modal damping, imene mumapereka peresenti ku mode iliyonse payokha. Sindikunena kuti pali yangwiro. Ndikunena kuti initial ndi imene imanamiza mopita ku mbali yoopsa.

wa_zitsulo
Pa fiber element zomwe akugwiritsa ambiri, vuto la initial silikula ngati pa zero-length hinge zouma kwambiri zija. Tisawaopseze mopitirira.

Nankhoma_wa_FE
Ayese zonse ziwiri aone yekha. Ndi mzere umodzi wosintha.

Kapitawo_Wakale
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilankhuleko ngati munthu wa pa site. Mukukangana za 2 ndi 5 peresenti, koma mwanayu wanena yekha kuti model yake ndi mizati ndi mabimu basi. Makoma a njerwa ali kuti?

Ndinagwirapo pa nyumba ina imene pa pepala inali frame yopanda kanthu, makoma anangowerengedwa ngati katundu wolemera. Pomanga, nsanjika zonse zam'mwamba tinadzaza njerwa kuchokera pa mzati kufika pa mzati, dothi la simenti kutsekeratu mpaka pansi pa bimu. Pansi tinasiya poyera kuti pakhale poimika galimoto. Nyumba yotere pamwamba ndi bokosi louma, ndipo kusuntha konse kumapita ku mizati ya pansi. Kompyuta inali itagawa drift bwinobwino ku nsanjika zonse, chifukwa inauzidwa za nyumba ina, osati imene tinamanga. Kwinanso khoma linalekezera pakati pa mzati kuti pamwamba palowe windo. Kachidutswa ka mzati kotsala pamwambapo kamakhala kafupi, kamakoka shear yambiri, ndipo ndi pamene mumaona mng'alu wopingasa uja pa zithunzi za zivomerezi.

Sindinanene za ma stirrup, tizitsulo tozungulira mzati, amene pa drawing ndi otalikirana mamilimita 100 koma womanga waika mmene dzanja lamufikira.

Phulusa_77
Ndiye tisiye kuwerengera, a Kapitawo?

Kapitawo_Wakale
Ayi. Muike makomawo. Ngakhale ka strut kopingasa kuchokera pa ngodya kufika pa ngodya kakwana kukusonyezani kuti period yafupika ndipo nsanjika yofooka ndi iti. Muyendetse kawiri, ndi makoma komanso opanda makoma, chifukwa mwini nyumba mawa akhoza kugumula ena.

Gogo_Simenti
A Kapitawo akunena za chinthu chimene chinachititsa manyazi ngakhale akatswiri. Ku Northridge mu 1994, nyumba za ma frame achitsulo zinkaonedwa ngati zodalirika koposa. Ma model onse ankati bimu igonja pang'onopang'ono, mfundo yowotcherera ikhalabe. Atachotsa zophimba anapeza ma weld ambiri pa mfundo za bimu ndi mzati atathetheka. Masamu a integrator analibe cholakwa. Model sinapatsidwe njira yoti weld ithyoke, ndiye sikanaonetsa. Chaka chotsatira ku Kobe zofanana nazo zinaonekanso.

DothiLofewa
Poti aliyense akukokera kwake, nanenso ndikokere pansi pa nthaka. Mizati yanu pansi mwaikhoma fixed, eti? Ndiye kuti mwanena kuti nyumba yakhala pa thanthwe ndipo rekodi ikulowa mmene ilili.

Mexico City mu 1985 chivomerezi chinayambira kutali, ku gombe la Pacific, makilomita oposa 300. Pa miyala ya m'mbali mwa mzinda kugwedezeka kunali kochepa. Koma pakati pa mzinda pali dongo lofewa la pansi pa nyanja yakale, ndipo dongolo linakulitsa mafunde a period ya masekondi awiri. Nyumba zimene zinagwa kwambiri zinali za msinkhu wapakati, nsanjika 6 mpaka 15, pamene zazifupi zambiri ndi zina zazitali kwambiri zinapulumuka. Zili ngati katungwe: mukamakankha pa nthawi yake yeniyeni, ngakhale ndi chala, amakwera. Nyumba ikayamba kung'aluka period yake imatalika, ndipo zina zinkalowa m'kayendedwe ka dongolo m'malo motulukamo.

Pa dothi lofewa yambani mwadutsitsa rekodi ya pa thanthwe m'magawo a dothi. Pulogalamu ya SHAKE ya 1972 inkachita zimenezi ndi equivalent linear, ndipo njirayo ikugwirabe ntchito pamene dothi silinapotoke kwambiri. Mukafuna kuika dothi lenilenilo mu finite element pali misampha iwiri. Element isapose gawo limodzi mwa magawo 8 kapena 10 a utali wa funde lalifupi limene mukulifuna. Dothi la shear wave ya mamita 100 pa sekondi, pa 10 Hz funde ndi la mamita 10, ndiye element ikhale ya mita imodzi. Ikakula kuposa apo mesh imasefa mafundewo osakuuzani. Wachiwiri ndi malire a model. Mukawakhoma, mafunde amagunda n'kubwerera mkati ngati ali m'bokosi. Ma dashpot a Lysmer ndi Kuhlemeyer a 1969 anapangidwira zimenezo.

KamwanaKaMasamu
Malo ake ndi olimba ndithu malinga ndi lipoti la nthaka, ndiye za dongo mwina zindipitirire. Koma ndasunga.

Chimtengo
Ine ndinene zosakondweretsa. Pa nyumba ya nsanjika 8 yoongoka bwino, time history ya nonlinear ndi kudzivutitsa. Chitani pushover. Kankhani nyumba cham'mbali pang'onopang'ono, muone hinge yoyamba ikubadwira pati, yachiwiri pati, mpaka curve igwe. Kenako njira ya N2 ya Peter Fajfar, imene ili mu Annex B ya Eurocode 8 ya 2004, ikuuzani pamene denga lifike. Mumaona ndi maso mmene nyumba ikufera. Time history imakupatsani mulu wa manambala, ndipo theka la anthu oigwiritsa sadziwa chimene chachitika mkatimo.

NaMlatho
Ngati poyambira ndikuvomera. Ngati pothera ayi. Pushover imakankha ndi maonekedwe amodzi a katundu, kwenikweni a mode yoyamba, ndiye za ma mode apamwamba ndi kupotoka imaziphonya. Imakankhiranso mbali imodzi, pamene chivomerezi chimapita n'kubwerera, ndipo konkire yong'aluka ulendo wachisanu si yofanana ndi ya ulendo woyamba. Takeda ndi anzake anayamba kale kuika zimenezi m'masamu mu 1970.

Chimtengo
Nanga time history yanuyo ndi yolondola bwanji? Mu 2010 ku UC San Diego anagwedeza mzati wa mlatho wa msinkhu weniweni pa shake table, tebulo lotsanzira chivomerezi, magulu ambiri a akatswiri atapatsidwa zonse za mzatiwo kuti alosere zotsatira asanazione. Mayankho anamwazikana kwambiri. Mzati umodzi wokha umenewo, osati nyumba.

NaMlatho
Zimenezo zikutsutsa kukhulupirira nambala imodzi, sizikutsutsa njirayo. Pushover ikanalowa mpikisano womwewo sikanachita bwino kuposa.

Gogo_Simenti
Musanapitirize, mwanayu achite kayeso kamodzi kotchipa. Chotsani chivomerezi. Kankhani denga pang'ono mwa maonekedwe a mode yoyamba, pamene zonse zikadali elastic, n'kulisiya ligwedezeke lokha. Yezani nthawi pakati pa nsonga ziwiri, ifanane ndi period ya eigen, imene pulogalamu imawerengera mode imeneyo. Kenako yezani kutsika kwake. Pa damping ya 5 peresenti nsonga iliyonse iyenera kukhala cha m'ma 73 peresenti ya inzake imene yangodutsa. Pa 2 peresenti, cha m'ma 88. Ikatsika msanga kuposa apo, pali chimene chikumwa mphamvu chomwe simunachiitane. Ndipo linear ya mu pulogalamu inayo ndi OpenSees yopanda kugonja ziyenera kupereka chimodzimodzi pa rekodi imodzi. Zikasiyana pamenepo, nonlinear musaiyambe n'komwe.

KamwanaKaMasamu
Ndabwera ndi zotsatira. Kayeso ka agogo kadutsa, period ndi kutsika kwake zikugwirizana. Pa dt, kuchoka 0.005 kupita 0.0025 yankho silikusunthanso kwenikweni. Nditasamutsa ma period a Rayleigh ndi kupita ku committed stiffness pa 3 peresenti, drift ya nsanjika yachiwiri yakwera moonekeratu, ngati mmene a Nankhoma ananenera. Makoma sindinaike, ndiyamba mawa. Koma vuto latsopano: nditakweza rekodi kuti ifike pa spectrum ya code, ikuimanso, ngakhale pa dt yaing'onoyo. Ndiyese integrator ya HHT?

wa_zitsulo
Mukhoza. Ya Hilber, Hughes ndi Taylor ya 1977 imatontholetsa phokoso la ma frequency apamwamba osakhudza kwambiri ma mode apansi. Samalani kalembedwe kokha: m'mabuku alpha imayenda kuchokera 0 kutsika mpaka -1/3, koma mu OpenSees mumalemba 1.0 kutsika mpaka cha m'ma 0.67. Yambani ndi 0.9. Lembaninso ka loop koti phazi likakana, kayese Newton ya line search kapena KrylovNewton, kadule dt, likadutsa kabwerere ku zakale. Tolerance yokha musaifewetse kuti mungodutsa.

Nankhoma_wa_FE
Musanasinthe integrator, jambulani drift ya nsanjika yachiwiri ija mpaka pa sekondi imene yaimira. Ngati ikugwedezeka mozungulira ziro n'kuima mwadzidzidzi, ndi vuto la masamu, chitani za a wa_zitsulo. Koma ngati ikupendekera mbali imodzi, ulendo uliwonse osabwerera pomwe inachokera, ndiye kuti P-delta, kulemera kwa nyumba kukankhira komwe yapendekera, yagwira nsanjikayo ndipo nyumba ikugwa. Pamenepo HHT siikuthandizani, mukulitse mizati. Mwayatsa P-delta pa geometric transformation ya mizati?

KamwanaKaMasamu
Ndayatsa. Ndajambula tsopano. Ikupendekera kumanja, mayi.

Kapitawo_Wakale
Ikani makoma aja musanakhudze mizati. Mwina nsanjika yofooka isamukira pansi, mukulitsa yolakwika.